Jamestown, Williamsburg ndi Yorktown pa tsiku limodzi: ulendo wokoma koma wothamangitsa

Ngati muli ku Virginia, ku America, ndipo mulibe galimoto, ulendo wa minibasi wozungulira Jamestown, Williamsburg ndi Yorktown ndi woyenera kuulipira. Koma dziwiranitu kuti madzulo mudzatsika miyendo ikuwawa, mtima usanakhute. Makampani angapo amayendetsa alendo m'malo atatuwa. Ine ndinakwera ya kampani ina yaing'ono imene imakutengani pa hotela m'mawa n'kukubwezani dzuwa litapendeka. Ndalama yake imaphatikiza mayendedwe, wotsogolera ndi matikiti olowera, pomwe nkhomaliro ndi ya m'thumba mwanu.

Malo atatuwa amagulitsidwa pamodzi chifukwa cha msewu umodzi, Colonial Parkway, wa makilomita pafupifupi 37. Kunsonga kwina ndi komwe Angelezi anamanga mudzi wawo woyamba wokhazikika ku America mu 1607, ndipo kunsonga inayo ndi komwe asilikali awo anatula zida mu 1781, pa nkhondo ya ufulu wa America. Zaka 174 za utsamunda mumazidutsa osasintha n'komwe mpando.

Amene anatitsogolera anali mayi achikulire, mphunzitsi wa mbiri wopuma pa ntchito, ndipo theka la ubwino wa ulendowu ndi iwowo. Minibasi isananyamuke anatulutsa m'chikwama kamtolo ka fodya wouma, n'kutiuza kuti tizipatsirana, aliyense anunkhize. Anati tikagwira nkhani ya tsamba limeneli, zina zonse za tsikulo zidzalowa m'malo mwake. Ndinkaganiza kuti ndi zokometsera chabe za anthu oyendetsa alendo, koma tsiku lonse anabwerera pa fodyayo, ndipo nkhani inamangika.

Musanalipire, funsani kuti akukutengerani ku Jamestown iti, chifukwa alipo awiri oyandikana. Kuli Jamestown Settlement, nyumba yosungira zakale komwe anakhoma zombo zofanizira zitatu zimene zinabweretsa atsamunda oyamba, Susan Constant, Godspeed ndi Discovery. Ana amasangalala kwambiri kumeneko chifukwa amaloledwa kukwera. Ndiye kuli Historic Jamestowne, pachilumba penipeni pomwe amuna ndi anyamata 104 otumidwa ndi Virginia Company ya ku London anakocheza mu Meyi 1607. Ife anatitengera pachilumbapo, ndipo pamenepa kampaniyi ndaiyamikira.

Kwa zaka zambiri anthu ankakhulupirira kuti linga loyamba linakokoloka kalekale ndi mtsinje wa James. Mu 1994 katswiri wofukula zakale William Kelso anayamba kukumba, n'kupeza kuti mbali yaikulu ya lingalo ikadali pamtunda. Lero anaimika mitengo motsata mizere ya maenje akale, moti umadzionera wekha kuchepa kwake. Ndi kalinga ka ngodya zitatu, koti ungakazungulire osatuluka thukuta. Malowo anawasankha poopa zombo za Aspanya komanso chifukwa madzi ake ndi akuya mpaka kufupi ndi gombe, koma kunena za moyo wa munthu, anasankha molakwika. Ndi dambo la udzudzu, ndipo m'chilimwe madzi a mtsinjewo amalowa mchere. Kuwonjezera apo anafika pakati pa chilala choopsa cha 1606 mpaka 1612, chimene akatswiri anachiwerenga m'mizere ya m'kati mwa mitengo yakale. Eni nthaka, mitundu pafupifupi 30 yomwe inali pansi pa mfumu yaikulu Wahunsenacawh, amene Angelezi ankamutcha Powhatan, nawonso chimanga chinali chitawachepera. Alendo aja akapempha n'kukanizidwa ankalanda. John Smith, mmodzi mwa atsogoleri a atsamundawo, yemwe ankadziwako kukambirana ndi mafumu, anabwerera ku England chakumapeto kwa 1609 atapsa ndi wonga. Nyengo yozizira yotsatira eni nthaka anazinga lingalo, ndipo pofika Meyi 1610 m'katimo munatsala anthu pafupifupi 60.

Chimene sichidzachoka m'maso mwanga chili m'nyumba yosungira zakale yotchedwa Archaearium, pafupi ndi lingalo. Muli chigaza cha mtsikana wa zaka pafupifupi 14, chimene chinapezeka mu 2012 m'dzala limodzi ndi mafupa a akavalo ndi agalu. Ofufuza anangomutcha Jane. Pachipumi pali timabala tosazama, tondondozana, ta dzanja la munthu wozengereza amene sanazolowere ntchito yotero. Kumbuyo kwa mutu mabala ndi akuya. Mtsikanayo anali atamwalira kale pamene anzake anjala anam'dula kuti adye. Pambali pake anaumba nkhope yake momwe ikanaonekera ali moyo. Mayi otitsogolera aja anafotokoza mwachidule n'kukhala chete, osatithamangitsa, osawonjezera zochititsa nthumanzi. Wotsogolera wina akanapanga sewero pamenepa.

Titatuluka ndi pamene fodya uja anabweranso. Mudzi umene unkangodya ndalama za eni kampani unapulumuka John Rolfe atayesa mbewu ya fodya wa kuzilumba za Caribbean cha mu 1612, wokoma kuposa wa m'deralo, ndipo ku London anam'konda. Ndi Rolfe yemweyu amene anakwatira Pocahontas, mwana wa Powhatan, mu 1614, m'tchalitchi chimene malo ake anawalemba m'kati mwa linga. Mayiwo sananyengerere: anatikumbutsa kuti mtsikanayo anali atagwidwa ukaidi ndi Angelezi chaka chimodzi ukwatiwo usanachitike, ndipo anakafera ku Gravesend, ku England, mu 1617. Vuto la fodya ndi lakuti amaguga nthaka msanga ndipo amafuna manja ambiri. Njala ya minda inakankhira atsamunda m'malo a eni nthaka, mpaka mu Marichi 1622 Opechancanough, m'bale wake wa Powhatan, anatsogolera chiwembu chimene chinapha atsamunda 347 tsiku limodzi. Njala ya manja ndiyo inabweretsa antchito a pangano ochokera ku England, kenaka akapolo.

Chaka cha 1619 anachifotokoza bwino kuposa mabuku ambiri amene ndinawerengapo. Pa 30 Julayi, nthumwi zosankhidwa zinakumana m'tchalitchi cha Jamestown, msonkhano woyamba wa opanga malamulo m'madera a Angelezi ku America. Patangotha mwezi, chombo chotchedwa White Lion chinakocheza ku Point Comfort ndi Aafirika opitirira pang'ono 20, amene anasinthanitsidwa ndi chakudya. Anthuwa anali atalandidwa m'nyanja kuchokera m'chombo cha Apwitikizi, São João Bautista, chimene chinanyamuka ku Luanda kulowera ku Veracruz. Voti ndi unyolo zinafika m'chilimwe chimodzi. Pofika 1662 nyumba ya malamulo yomweyo inakhazikitsa kuti mwana wobadwa kwa mayi kapolo ndi kapolo, kaya bambo ake ndi ndani.

Dandaulo langa loyamba lili pomwepa. Mmodzi mwa Aafirika oyambawo, mayi wotchedwa Angela, amene anabwera pa chombo china chotchedwa Treasurer, analembedwa m'kaundula wa 1625 kuti ankakhala panyumba ya William Peirce, ndipo malo a nyumbayo ali pachilumba pomwepo, kamtunda koyenda pansi. Ndinapempha kuti tikafikeko. Mayiwo anayang'ana wotchi, dalaivala n'kuti atayatsa kale injini. Ndondomeko ya kampani sinasiye mpata, koma inasiya nthawi yokwanira yoti tilowe m'sitolo yogulitsa makapu ndi masikipa.

Ku Williamsburg ndi komwe ulendowu unafooka, osati chifukwa cha tauniyo ayi. Likulu la Virginia linasamukira kuno mu 1699 n'kukhala mpaka 1780 pamene linapita ku Richmond. Kuyambira 1926 m'busa W. A. R. Goodwin anakopa John D. Rockefeller Jr. kuti athire ndalama zokonzanso tauniyo momwe inalili m'zaka za m'ma 1700. Nyumba zoposa 80 ndi zenizeni za nthawiyo, zina anazimanganso pa maziko akale. Ndi malo ofuna tsiku lathunthu paokha. Ife anatitsitsa nthawi ya nkhomaliro, aliyense njala itam'gwira, n'kutipatsa mapu. Gawo lalikulu la nthawi yathu linathera pamzere wodikira tebulo. Supu ya mtedza imene ndinamwa inali yokoma, komabe sindinabwerere supu.

Zimene ndinakwanitsa kuona zinali zogwira mtima. Polowera m'nyumba ya bwanamkubwa makoma onse ndi mfuti ndi malupanga zokhomedwa mwaluso, kuti wobwera ndi dandaulo adziwiretu kuti akulankhula ndi ndani. Kanyumba kosungira wonga, ka ngodya zisanu ndi zitatu, n'komwe bwanamkubwa Lord Dunmore anatumiza asilikali usiku mu Epulo 1775 kukachotsa wongawo, tauni yonse n'kuwira. Kumapeto kwa msewu wa Duke of Gloucester kuli nyumba ya malamulo yomangidwanso, pamalo pomwe Patrick Henry anadzudzula msonkho wa pa mapepala mu 1765, ndiponso komwe pa 15 Meyi 1776 nthumwi za Virginia zinalamula anthu awo pa msonkhano wa madera onse ku Philadelphia kuti akapemphe ufulu wodzilamulira. Richard Henry Lee anakaperekadi pempholo pa 7 Juni, ndipo n'limene linabala chikalata cholengeza ufulu wa America cha pa 4 Julayi.

Ndinaba mphindi zingapo kwa wosindikiza mabuku. Amatola zilembo zachitsulo chimodzichimodzi, chagada, kuzindandalika m'kabokosi, kenaka kuzipaka inki ndi timipira tiwiri tachikopa tokhala ndi zigwiriro, n'kukoka mpini wa makina ndi mphamvu za thupi lonse. Pepala limodzi basi. Ukaona zimenezi umamvetsa kuti kufalitsa mkwiyo m'madera 13 sinali ntchito yamasewera. Ankayankha mafunso manja osaima.

Mayi athu aja, titakumananso, anawonjezera chimene alendo ambiri amachidumpha. Pafupifupi theka la anthu a m'tauniyi nthawi imeneyo anali akuda, ambiri mwa iwo akapolo. Panyumba ya Peyton Randolph, wapampando woyamba wa msonkhano wa madera onse mu 1774, pankakhala akapolo 27. Mu Novembala 1775 Dunmore analengeza kuti kapolo wa woukira aliyense akathawira kwa Angelezi n'kumenya nawo nkhondo adzamasulidwa, ndipo mazanamazana anathawadi. Kwa anthu amenewo ufulu unali mbali ya mfumu ya ku London, osati ya olemba zikalata za ufulu. Anazinena tili m'minibasi, nyumba ya Randolph tikuiona pawindo. Ndilo dandaulo langa lachiwiri.

Yorktown tinafika dzuwa litatsika. Pamaso ndi minda ya udzu, mizinga ndi zitunda za dothi, moti popanda wofotokoza ungadutse osadziwa kuti pali kanthu. Apa mayiwo anawala ndithu. Anayamba ndi nyanja: pa 5 Sepitembala 1781 zombo za Afalansa zotsogozedwa ndi de Grasse zinabweza zombo za Angelezi pakamwa pa nyanja ya Chesapeake, ndiye Cornwallis, mkulu wa asilikali a Angelezi ku Yorktown, anatsekeredwa, thandizo osabwera, kothawira kulibe. George Washington, mkulu wa asilikali a ku America, ndi Rochambeau, mkulu wa asilikali a Afalansa, anatsika kuchokera kumpoto n'kumuzinga ndi asilikali pafupifupi 17,000, ndipo pafupifupi theka anali Afalansa. Anatiimika pa timalinga tiwiri totchedwa 9 ndi 10, timene tinalandidwa usiku wa 14 Okutobala, Afalansa kutenga 9, gulu la Alexander Hamilton kutenga 10 ndi mfuti zopanda zipolopolo, mipeni yakunsonga yokha, kuti wina asawombe msanga n'kuulula. Pa 19 Okutobala asilikali pafupifupi 8,000 anagonja. Cornwallis anati wadwala n'kutumiza wachiwiri wake Charles O'Hara. Iye anafuna kupereka lupanga kwa Rochambeau, Rochambeau n'kuloza Washington, Washington n'kuloza wachiwiri wake Benjamin Lincoln. Ngati wamkulu sanabwere, wamkulu salandira. Tonse tinaseka.

Anatchulanso James Armistead, kapolo amene anachita ukazitape m'misasa ya Angelezi potumidwa ndi Lafayette, Mfalansa wotsogolera asilikali a ku America. Nkhondo itatha anabwerera ku ukapolo, mpaka nyumba ya malamulo ya Virginia inamumasula mu 1787. Pangano la mtendere linasainidwa ku Paris mu 1783.

Za dziko latsopanolo musayembekezere zambiri, ulendowu umathera pabwalo la nkhondo. Malamulo aakulu a 1787 anangowatchula tili panjira yobwerera, pamodzi ndi mfundo yakuti mwa apulezidenti asanu oyamba anayi anali a ku Virginia, Washington, Jefferson, Madison ndi Monroe, onsewo eni minda ndi akapolo. Amene akufuna mbali imeneyi apite ku Philadelphia kapena ku Montpelier, kwawo kwa Madison.

Minibasi inali yaukhondo, mpweya wozizira ukugwira ntchito, koma mpando wakumbuyo mawu a wotsogolera amamveka modukaduka, choncho fulumirani mukhale kutsogolo. Valani nsapato zoyendera, tengani madzi ndi mankhwala opaka a udzudzu ngati ndi m'chilimwe, ndipo nyamulani kamba kuti nthawi ya ku Williamsburg isathere pamzere. Konzeraninso kangachepe kothokozera wotsogolera ndi dalaivala, chifukwa ku America ndi mwambo. Amene ali ndi masiku awiri alipire ulendowu tsiku loyamba, lachiwiri abwerere yekha ku Williamsburg m'mawa. Kuyenda mumsewu waukulu ndi ulere, tikiti imafunika polowa m'nyumba ndi kwa amisiri.