Kutentha m'mimba: kuyeza chimbudzi kapena endoscopy?

Ambiri kuno ku Zomba akamva kutentha m'mimba amangoti ndi zilonda, n'kukagula omeprazole, mankhwala ochepetsa asidi m'mimba. Kuyezetsa n'kofunika, koma njira ziwiri izi sizifanana.

Kuyeza chimbudzi kumene tikunena pano kumafufuza kachilombo ka H. pylori kokha, kamene kamayambitsa zilonda za m'mimba. N'kosavuta, ndipo simusala kudya. Vuto lake n'lakuti ngati mwamwa omeprazole m'masabata 2 apitawa, kapena maantibayotiki m'masabata 4, zotsatira zimatha kusonyeza kuti mulibe pomwe muli nako. Chilonda kapena chotupa sichioneka.

Endoscopy ndi kachubu ka kamera kolowera pakamwa mpaka m'mimba. Mumasala chakudya maola 6, pakhosi amapoperapo mankhwala ochititsa dzanzi, ndipo dokotala amatha kutenga kanyama kokayeza khansa.

Wachinyamata wongomva kutentha ayambe ndi kuyeza chimbudzi. Koma nsima ikamakana kutsika, thupi likamatha, mukamasanza magazi kapena kuchita chimbudzi chakuda bii, thamangirani ku Zomba Central Hospital mukafunse za endoscopy. Khansa ya kummero ndi yofala kwambiri m'Malawi, ndipo kachasu ndi fodya zimawonjezera chiopsezo. Ngati mumamwa brufen kapena diclofenac pafupipafupi, auzeni adokotala, chifukwa mankhwalawa amayambitsa zilonda.