Olympus Tough TG-6: ndemanga yanga nditajambula nayo nsomba za mbuna ku Cape Maclear

Kamerayi ndinagula yogwirapo kale ntchito, ndipo ndakhala ndikulowa nayo m'nyanja kuyambira mwezi wa Ogasiti. Poyamba ndinkaika foni m'kachikwama kapulasitiki, koma mtima sunkakhala m'malo. Maso ankangokhala pa kachikwamako kuopa madzi, n'kuiwala kuona komwe mafunde akundikankhira. Pamiyala ya ku Otter Point zimenezo zikhoza kukuvulaza. Ubwino waukulu wa TG-6 kwa ine ndi womwewu: sudera nkhawa kamera, umasamala moyo wako.

Inatuluka mu 2019, imapirira madzi mpaka mamita 15 popanda chibokosi chapadera, ndipo imakwana m'dzanja limodzi, linalo n'kumapalasira. Ine sindinapitirirepo mamita 3, ndipo inu amene mukuyamba kumene, nambala 15 isakukopeni. Mbuna zimakhala pamiyala, pamwamba pomwepa. Ku chilumba cha Thumbi ndimangoyandama chafufumimba, nditavala jekete yoyandamitsa, magalasi ndi kapaipi kopumira. Mnzanga amakhala pambali panga, mwini boti akutiyang'anira. Ndekha sindilowa. Munthu ukamathamangitsa nsomba pa sikirini sudziwa kuti watalikira, ngakhale boti la injini likubwera umalizindikira mochedwa.

Zithunzi zoyamba zinatuluka zobiriwira, nsomba zikuoneka ngati timadontho. Madzi amameza kuwala kofiira msanga, choncho ukajambulira patali mitundu imazilala. Kamerayi ili ndi makonzedwe ake a m'madzi amene amathandizako, koma mankhwala enieni n'kuyandikira. Tsiku lina ndinangokhala phee pafupi ndi mwala, manja osagwedeza. Mbuna ina yabuluu, yamizere yakuda, inafika pafupi penipeni ndi galasi la kamera n'kuyamba kubudula ndere. Pachithunzicho mamba amawerengeka, ndipo milomo yake yokhuthala ikuoneka itakanirira pamwala. Kamerayi imatha kujambula chinthu chili pa sentimita 1, ndipo apa ndinaonadi phindu lake. Nsomba sindiziponyera buledi kuti zibwere. Muno ndi mu Lake Malawi National Park, malo amene bungwe la United Nations la UNESCO linawazindikira mu 1984 kuti ndi chuma cha dziko lonse lapansi, ndipo mbuna zimafika zokha ukadekha.

Fulashi ndimazimitsa, chifukwa imawalitsa tizinyalala toyandama, chithunzi n'kudzaza mawanga oyera. Dzuwa la m'ma 10 koloko m'mawa limakwana. Mwera ukamawomba ndimakhala kumtunda.

Chisamaliro chimafunika. Ndisanalowe m'madzi ndimayang'ana labala ya pa zitseko za batire ndi chaja, chifukwa kamchenga kamodzi kapena tsitsi likhoza kulowetsa madzi. Zitsekozo zili ndi maloko awiriawiri, ndipo sinditsegula manja ali onyowa. Kamodzi ndinaisiya padzuwa m'boti, nditalowa nayo m'madzi galasi linachita nthunzi mkati. Tsopano ndimaikulunga m'thaulo. Muguliretu lamba woyandama, poti ikapulumuka m'manja imamira, komanso batire lachiwiri ngati mukufuna kutandala panyanja tsiku lonse.

Musaiwalenso likodzo. Ku Cape Maclear liliko, ndiye mukabwerako kafunseni kuchipatala za kuyezetsa ndi mankhwala a praziquantel.

Kwa amene amatha kusambira ndipo akufuna kuyamba kujambula m'madzi osaya, ndikuipatsa nyenyezi 5. Amene kusambira kumawavutabe ayambe aphunzira kumeneko, kamera agule pambuyo.