Kusiyana kwa CVT ndi giyabokosi ya otomatiki yachikale

Giyabokosi ya otomatiki yachikale imakhala ndi magiya owerengeka, monga 4, 6 kapena 8, ndipo woyendetsa amamva galimoto ikamasintha giya. CVT, womwe ndi mtundu wina wa giyabokosi ya otomatiki, ilibe magiya oterowo, koma ili ndi lamba wachitsulo woyenda pa mapule (timawilo toyendapo lamba) awiri amene amafutukuka ndi kupanikizana, kotero kuti injini imazungulira pa liwiro losamwa mafuta ambiri. N'chifukwa chake magalimoto okhala ndi CVT monga Honda Fit ndi Nissan Note amapulumutsa petulo m'tauni.

Komabe pokoka katundu wolemera kapena pokwera zitunda zazitali, CVT imatentha msanga, ndipo pamenepo ine ndingasankhe yachikaleyo, imenenso amakaniko ambiri anazolowera kuikonza. Mwini CVT asalole konse kuti muthiridwe oyilo wa ATF wamba, wothira mu giyabokosi ya otomatiki yachikale, chifukwa lamba amayamba kuterereka mpaka kuwonongeka.