Bwana wa malamulo ndi bwana wosula antchito m'mahotela a ku Mangochi

Ofufuza za utsogoleri amakonda kugawa mabwana pawiri, potsata maganizo a James MacGregor Burns a mu 1978, omwe Bernard Bass adawakulitsa mu 1985. Woyamba ndi wa mgwirizano: ukagwira bwino bonasi, ukalakwa kalata ya chenjezo. Wachiwiri amafotokoza cholinga, amamva maganizo a antchito ndi kuwazoloweza kuganiza okha.

M'mbali mwa nyanja muno, kuyambira ku Nkopola mpaka ku Cape Maclear, woyambayo ali ndi malo ake. Anthu a msonkhano akamadikira chambo cha nkhomaliro, kukhitchini si kokambirana. Mbale zituluke basi.

Komatu mlendo sakumana ndi manijala. Amakumana ndi woperekera zakudya, wa pa risepishoni ndi mayi wokonza zipinda. Akadandaula usiku kuti neti ndi yobooka, wantchito wozolowera kudikira lamulo amangoti abwana abwera mawa. Wosulidwa ndi bwana wachiwiri uja amasintha netiyo pomwepo, mwinanso chipinda chomwe, chifukwa akudziwa kuti sadzudzulidwa poganiza yekha. Kafukufuku wambiri wa m'mahotela amapeza kuti utsogoleri wotere umayenda limodzi ndi antchito okhutira, osafulumira kusiya ntchito.

Ine ndimakondera wachiwiriyu, koma Bass yemweyo ankati amamanga pamwamba pa woyamba, samulowa m'malo. Mnyamata wolembedwa ganyu pa Khirisimasi alendo akachuluka amayamba wafuna kudziwa ntchito yake, malipiro ake ndi tsiku lolandira.