Ma paralegal a PASI si aphungu a matenda a maganizo, koma anatsitsa mtima wa achimwene pa rimandi

Ngati muli ndi m'bale wanu pa rimandi, funsani ngati kundende imeneyo kumabwera ma paralegal (anthu ophunzitsidwa kuthandiza pa zamalamulo) a bungwe la Paralegal Advisory Service Institute (PASI). Salipiritsa ngakhale tambala, ndipo ntchitoyi akhala akuigwira m'ndende za m'dziko muno kuyambira 2000.

Achimwene anga anamangidwa chifukwa cha foni yomwe anagula pamsika, kenaka n'kupezeka kuti inali yobedwa. Mgaiwa wa kamodzi patsiku anaupirira, nsikidzi nazo. Ngakhale kugona pa shamba, kuja kokhala tsonga pakati pa selo, maondo atapindidwa, mnzako atakutsamira mpaka kucha, ankangoti "zimazolowereka, mlongo". Chinawadwalitsa n'kusadziwa. Wogamulidwa kale amawerenga masiku ake n'kumaona akuchepa, koma wa pa rimandi alibe chowerenga. Ndikapita ndi chakudya sankachiyang'ana n'komwe, funso linali limodzimodzi: fayilo yanga ili kuti? Tulo anasiya. Mnzawo wa m'selo anandinong'oneza kuti usiku amayankhula okha.

Ma paralegal aja amasonkhanitsa a pa rimandi panja n'kuwaphunzitsa kudzera m'sewero. Wina amakhala woweruza, wina wapolisi woimira boma, wina woimbidwa mlandu, ndipo amayeserera kupempha belo: uima bwanji, unena chiyani, kuvomera mlandu kumatanthauzanji. Poyamba ndinkaona ngati n'chibwana, munthu ali pamavuto inu mukuchita naye zisudzo? Koma m'menemo ndi momwe achimwene anamvera koyamba kuti munthu ayenera kuonekera kukhoti pasanathe maola 48 chimangidwireni, komanso kuti pa mlandu wa khoti la majisitireti lamulo limaika malire a masiku 30 osungidwa podikira kuzengedwa. Masiku awo anali atapitirira kale. Mayi wina wa m'gululo analemba dzina lawo m'kabuku, anakafufuza fayilo, n'kundiimbira foni kuti tipeze anthu awiri odalirika owaimira pa belo, abwere ndi ziphaso zawo. Ulendo wotsatira ndinawapeza atameta ndevu, akudya, akundifotokozera malamulo ngati loya.

Komabe musayembekezere zomwe sangathe. Si maloya, choncho m'khoti sakuyankhulirani. Zimenezo n'za a Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza osauka pa milandu, kapena loya wolipira. Ndiponso si aphungu a matenda a maganizo. Munthu amene wayamba kumva mawu kapena kukamba zodzipha akufunika wachipatala, ndipo paralegal chimene angachite n'kudziwitsa akuluakulu a ndende kapena khoti, lomwe lili ndi mphamvu yolamula kuti akaunikidwe ku Zomba Mental Hospital. Ndi ochepanso kuyerekeza ndi khwimbi lomwe amalipeza. Khoti lalikulu linanena kale mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, kuti kuthithikana kwa m'ndende zathu n'kuzunza anthu. Pakhamu lotere, wamanyazi amene wangokhala phee pakona n'zosavuta kum'dumpha, pomwe nthawi zambiri ndiye wadwala kwambiri. N'chifukwa chake ndimati abale musadikire kuti apezane okha, pitani kwa ma paralegal mukatchule dzina lake.

Belo inatheka, mlanduwo pambuyo pake unathetsedwa, koma nkhawa sinatsale kundende. Achimwene ankadzidzimuka chitseko chikamenyetseka, ndipo kwa nthawi ndithu ankagona chokhala ngakhale bedi lilipo. Apa PASI inali itamaliza mbali yake. Tinachita kuwanyengerera kuti akaonane ndi aphungu a chipatala cha matenda a maganizo cha St John of God, omwe ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, iwo akukana kuti "ine sindine wamisala". Anavomera titawauza kuti akungokacheza ndi munthu za tulo basi, ndipo mpaka pano akupitabe.