Ziboliboli za ku Mua: zimene ndidapeza ku Kungoni nditapita kukagula mphatso ya ukwati

Mwana wa mlongo wanga atatiuza tsiku la ukwati wake, ndidatsimikiza mtima kuti sindidzamupatsa mbale kapena mapoto monga momwe ambiri amachitira, koma chinthu chosemedwa ndi manja a Mmalawi chimene chingakhale m'nyumba mwake kufikira ana ake atakula. Chimene chinkandikayikitsa n'chakuti zaka zingapo zapitazo ndidagulapo chiboliboli m'mbali mwa msewu mumzinda wina, chakuda bii ndiponso chonyezimira, wogulitsa atanenetsa kuti udali mtengo wa phingo weniweni. Isanathe miyezi itatu chidang'aluka kuyambira pamutu mpaka m'chiuno, ndipo tsiku lina ndikuchipukuta ndi kansalu konyowa, kuda konse kuja kudatsalira pansalupo, mtengo wotuwa n'kuonekera. Adali polishi wa nsapato. N'chifukwa chake ulendo uno ndidaganiza zopita kumene amisiri amasemera, kuti ndikaone mtengo usanapakidwe kanthu, ndipo malo amene ndidasankha ndi Kungoni Centre of Culture and Art, ku Mua m'boma la Dedza.

Mua ali kunsi kwa mapiri a Dedza, m'dera la Mfumu Kachindamoto, kamtunda pang'ono kuchoka pamsewu wa M5 umene umachokera ku Salima kulowera ku Balaka. Wochokera ku Salima amadutsa pa Mtakataka asanafike, pamene wochokera ku Lilongwe kudzera ku Dedza amatsetsereka ndi msewu wokhotakhota wa ku Golomoti, umene ndidadzera ine. Mishoni ya Mua idakhazikitsidwa mu 1902 ndi ansembe a Katolika a chipani cha White Fathers, koma malo a zaluso a Kungoni adayamba mu 1976 m'manja mwa Bambo Claude Boucher, wansembe wa ku Canada amene adafika m'dziko muno mu 1967 n'kuphunzira Chichewa ndi miyambo yake mozama, mpaka anthu adawapatsa dzina la Chisale. Popeza iwo eni ake adali katswiri wojambula, adasonkhanitsa anthu a m'midzi yozungulira amene adali ndi dzanja losema, ndipo ntchito imene idayamba motero ndi imene yadyetsa mabanja ambiri a kumeneko kwa zaka zonsezi.

Ndisanalowe m'nyumba yogulitsiramo zinthu ndidapempha kuti ndiyambe ndaona kumene amasemera, ndipo aliyense wopita kumeneko ndingamulangize kuchita chimodzimodzi, chifukwa mtengo wogulira chiboliboli umamveka bwino kwa munthu amene waona thukuta lake. Ntchitoyo umayamba kuimva ndi makutu usanaione ndi maso: kugogoda kwa kasemasema kumamveka uli chapatali, kenaka fungo la utuchi limakulandira. Mmisiri amene ndidakhala naye pafupi adali bambo wachikulire ndithu, atakhala pakampando kafupi, chipika cha mlombwa atachipana ndi mawondo. Titapatsana moni adandilozera pokhala n'kupitiriza ntchito yawo. Pachipikacho padalibe chojambula chilichonse kupatula mizere iwiri kapena itatu ya makala, komabe kasemasema kankagwa pamene iwo akufuna, ndipo ndili chikhalire pomwepo ndidaona msana wa mayi wowerama ukutuluka mumtengo umene poyamba udali ngati chikuni wamba.

Chimene sindidzaiwala ndi mfundo imene idali chakumtunda kwa chipikacho. Ine ndinkaona ngati ndi chilema cha mtengo, ndipo ndidawafunsa ngati sichidzaononga ntchito yonse. Bambowo adamwetulira, natembenuza chipika kuti ndione bwino, ndipo ndidazindikira kuti adali atakonza kale zoti mfundo ya mtengoyo igwere pachifuwa pa mayi uja, pamene pamakhala mfundo ya mbeleko. Mlombwa uli ndi mtima wofiirira ndi mbali yakunja yotuwa, ndipo kachigawo kotuwako adakasiyira dala kumsana kuti kakhale mutu wa khanda lobelekedwa. Mmisiri wofulumira akadadula zonsezo n'kupaka utoto kuti chinthu chioneke chamtundu umodzi. Apa mtengo udafunsidwa kaye chimene ungakhale, ndipo wosema adatsata zimene udamuuza.

Ndidawafotokozera za chiboliboli changa chong'aluka chija, ndipo yankho lawo lidandithandiza kwambiri monga wogula. Mtengo wauwisi ndi wofewa, susautsa posema, choncho wofuna ndalama yamsanga amaukonda; koma ukayamba kuuma, kunja kumauma msanga n'kukhwinyata pamene m'kati mudakali madzi, ndipo mathero ake ndi mng'alu. Mmisiri wosamala amaumika chipika pamthunzi kwa miyezi yambiri asanachikhudze ndi chitsulo. Za phingo adati wogula asamangokhulupirira kuda kwake, koma anyamule chinthucho, pakuti phingo weniweni ndi wolemera kwambiri moti amamira m'madzi, ndipo kawirikawiri amakhala ndi kambali koyera m'mphepete mwa mtima wake wakudawo. Adandiuzanso kuti ndizitembenuza chiboliboli n'kuona kunsi kwake, kumene opaka polishi nthawi zambiri safikako.

M'nyumba yoonetsera ndi kugulitsira zinthu ndimo ndidakhalitsa. Muli mitanda, zifanizo za Amayi Maria, za kubadwa kwa Ambuye ndi za Njira ya Mtanda, komanso zosema zosonyeza moyo wa kumudzi ndi zithunzi zojambula pamanja. Chimene chimasiyanitsa ntchito ya ku Mua ndi zosema zambiri za m'misika ya m'tauni n'chakuti nkhope zake ndi zathu. Maria wa kuno wavala chitenje ndi mpango, mwana ali kumsana, ndipo Yesu ali ndi mphuno ndi milomo ya munthu amene mungakumane naye pachigayo. Kwa ife amene tidakula tikuona zifanizo za m'tchalitchi zochokera ku Ulaya, zakhungu loyera ndi tsitsi lalitali, kuona zimenezi kumakhudza mtima mwanjira imene sindidayembekezere. N'zosadabwitsa kuti ntchito za amisiri a ku Mua zimapezeka m'matchalitchi a m'dziko muno ngakhalenso a kunja.

Sindikunena kuti chilichonse chidandikopa mofanana. Tizinthu ting'onoting'ono togula alendo ofulumira tidalipo, ndipo ndidatidutsa msanga chifukwa sindito ndidadzera. Koma pa zosema zikuluzikulu dzanja la mmisiri aliyense limadziwika: wina amakonda matupi aatali owonda ndi nkhope zachisoni, wina amasema anthu ojintcha okhala ngati akufuna kuseka, wina amalumikiza anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi m'chipika chimodzi, wina atakwera pamapewa pa mnzake, popanda cholumikizira chilichonse. Nditazungulira kawiri ndidayamba kuzindikira kuti ichi ndi icho zidachokera kwa munthu mmodzi ndisanafunse n'komwe, ndipo kwa ine chimenecho ndi chizindikiro chakuti malo akulera amisiri enieni, osati anthu ongotsanzira chitsanzo chimodzi.

Gwero la kuzama kumeneku ndidalipeza m'nyumba yosungiramo zachikhalidwe ya Chamare, imene ili pamalo omwewo. Dzinali ndi momwe anthu a kuno ankatchulira Bambo Champmartin, wansembe wa ku France amene adatumikira pa Mua. Makoma ake akunja ndi ojambulidwa mbiri ya deralo ndi ya dziko lino, kotero kuti chionetsero chimayamba munthu asanalowe pakhomo. M'kati muli zipinda zitatu: china chikufotokoza mbiri ya mishoni, china miyambo ya Achewa, ndipo chachitatu ya Angoni ndi Ayao, mitundu itatu imene imakhalira limodzi m'dera limeneli. Chipinda cha Achewa ndicho chimaimitsa munthu, pakuti muli zigoba za Gule Wamkulu zoposa 400, kuyambira pansi mpaka m'mwamba, ndipo chilichonse chili ndi dzina ndi mwambo umene chimaphunzitsa. Chadzunda ali pomwepo monga tate wa zilombo, Maliya ndi ulemu wake wa mayi wodekha, Simoni ndi nkhope yake yofiira ya mzungu wopsa ndi dzuwa, komanso Kasiyamaliro, amene Achewa amamulemekeza koposa. Bungwe la UNESCO lidalengeza Gule Wamkulu kukhala chuma cha chikhalidwe cha anthu onse mu 2005, koma amene amalowa m'chipindachi amaona kuti osema zigobazi adali akatswiri a nkhope ya munthu kalekale dziko lisanawazindikire: ulesi, dyera, chiwerewere, kudzikuza ndi ukalamba, zonse adazipatsa maso ndi pakamwa.

Ndikudziwa kuti alipo akuluakulu ena amene samasuka ndi zoti zinthu za kudambwe ziziikidwa poti aliyense n'kuziona, ndipo nkhawa yawo sindiitenga mopepuka, chifukwa mwambo uli ndi eni ake. Chimene ndidaona ine n'chakuti zigobazo zimafotokozedwa mwaulemu, monga zonyamula chiphunzitso, osati monga zoseketsa alendo kapena zoopsezera ana. Zigoba zambiri zimene zimavinidwa m'midzi zimatha ndi chiswe ndi mvula, ndipo nyimbo zake zimapita ndi eni ake kumanda. Mnyamata wophunzira kusema pa Mua ali ndi mwayi umene anzake ambiri alibe, woti akatopa ndi kasemasema akhoza kukaima pamaso pa ntchito ya makolo ake n'kuona momwe iwo ankapindira chikope kapena kukwezera tsaya kuti nkhope ilankhule. Nditabwerera m'nyumba yogulitsira ija nditatuluka m'Chamare, ndidaona zosema zomwe zija ndi maso ena.

Malowa sakhalira alendo okha. Achinyamata a m'midzi yoyandikana amaphunzira kusema pokhala pambali pa amisiri akale, kuyambira pa ntchito yotopetsa yosalaza ndi sandipepa kufikira atapatsidwa chipika chawochawo, ndipo ndidaona mnyamata wina akubwezedwa kawiri ndi mphunzitsi wake kuti akakonze zala za dzanja zimene zidatuluka zofanana kutalika. Pali gulu lovina magule a Achewa, Angoni ndi Ayao, pamakhala maphunziro a chikhalidwe kwa anthu ofuna kudziwa miyambo ya dziko lino, ndiponso m'mwezi wa Ogasiti mumachitika chikondwerero cha chikhalidwe chimene chimasonkhanitsa magulu ovina ndi anthu ochuluka. Wofuna kugona ali ndi malo ogona alendo a Namalikhate, pafupi ndi mtsinje wa Nadzipokwe, ndipo ndikuona kuti tsiku limodzi silikwanira kwa munthu wofuna kuona amisiri, Chamare ndi munda wa mitengo umene wazungulira malowo popanda kuthamanga.

Pa nkhani ya mitengo ya zinthu, wogula apite akudziwa kuti zosema zikuluzikulu si zotchipa poyerekeza ndi za m'mbali mwa msewu. Poyamba ndidafuna kunenerera monga tichitira pamsika, koma nditakumbukira miyezi youmika chipika, masiku ambiri a kasemasema ndi tchizulo, ndiponso mfundo ija imene idasanduka mbeleko, mawu onenerera adandithera m'kamwa. Chimene chimandiwawa ndi chizolowezi chathu ife Amalawi choganiza kuti ziboliboli ndi za azungu. Timagula zithunzi za pulasitiki zochokera kunja n'kupachika m'zipinda zathu zochezera, timakongoletsa maofesi ndi mahotela ndi zinthu zosatidziwa, pamene mmisiri wa kwathu akudikira nyengo ya alendo kuti apeze ya feteleza ndi fizi ya ana. Alendo akachepa, monga zidachitikira mu 2020 pa nthawi ya mliri wa Covid-19, wosema amene msika wake wonse uli m'manja mwa anthu akunja amatsala manja ali m'khosi. Mipingo, masukulu, makampani ndi mabanja a konkuno akadamaika maoda awo kwa amisiriwa, ntchito yawo ikadakhala ndi mizu yolimba.

Nkhawa ina imene ndidabwera nayo ndi ya mitengo yeniyeniyo. Phingo, mlombwa, muwanga ndi mbawa zimatenga zaka zambiri kuti zikule kufika poti n'kusemedwa, ndipo aliyense woyenda m'misewu yathu amaona matumba a makala amene akumaliza nkhalango. Chipika chimodzi m'manja mwa mmisiri chimasanduka chinthu chokhala mibadwo ingapo, pamene mu uvuni wa makala chimatha ndi kuphika kwa masiku ochepa. Wogula amene amaumirira kuti akufuna chakuda basi ndiye amakankhira ogulitsa ena ku bodza la polishi kapena kudula phingo wosakhwima, choncho ndi bwino kulandira mtengo m'maonekedwe ake achilengedwe, kaya ndi wofiirira kaya wotuwa.

Pamapeto pake sindidatenge chilichonse mwa zimene zidali zitatha kale. Ndidabwerera kwa bambo osema aja n'kuwapempha kuti mayi wa mbeleko uja akamalizidwa akhale wanga, ndipo tidapangana kudzera kwa oyang'anira malo ogulitsira kuti ndidzamutenge pakatha masabata angapo. Nditapita kukamutenga ndidapeza atamusalaza mpaka mizere ya mlombwa ikuoneka ngati mapindo a chitenje, atangomupaka phula lopanda mtundu. Adandilangiza kuti ndikauze eni ake asamuike padzuwa kapena pafupi ndi moto, asamutsuke ndi madzi, koma azimupukuta ndi nsalu youma ndi kumupaka phula pang'ono kamodzikamodzi. Ndidamukulunga m'chitenje chatsopano, ndipo pa tsiku la ukwati mkwatibwi atamasula mphatsoyo adayamba wasisita kamutu kotuwa ka khanda lija, kenaka n'kuitana mayi ake kuti adzaone mfundo ya pachifuwa.