Porsche Boxster 981: kodi ndalama zanu zikugula chiyani pa galimoto yovula dengayi?

Galimoto ya mipando iwiri, yovula denga, munthu sagula chifukwa chosowa chokwera. Sinyamula banja, sinyamula matumba a chimanga, ndipo pa maliro akumudzi siithandiza aliyense. Choncho poiyesa tisagwiritse ntchito muyeso wa Corolla. Funso ndi lakuti: kodi chimene imapereka pa msewu chikufanana ndi ndalama zimene imadya? Pa Porsche Boxster ya mtundu wa 981, imene inkapangidwa kuyambira 2012 mpaka 2016, yankho lathu ndi lakuti inde, bola mugule ndi maso, ndipo muisunge kumene kuli makaniko woidziwa.

Boxster yoyamba, ya mtundu wa 986, idatuluka mu 1996, nthawi imene kampani ya Porsche inali itatsala pang'ono kugwa chagada pa zachuma. Dzinali adalilumikiza kuchokera ku mawu awiri: boxer, mtundu wa injini imene masilinda ake amagona cham'mbali, atatu uku atatu uko, ndi roadster, dzina la galimoto yotsegula ya anthu awiri. Itatha 986 kudabwera 987, kenako 981 imene tikuiunika panoyi. Ku Britain yatsopano inkayambira pa mapaundi pafupifupi 37,600, ndipo Boxster S inkapitirira pang'ono 45,000. Koma mitengo imeneyo inali ya galimoto yopanda zowonjezera, ndipo Porsche amadziwika ndi kulipiritsa padera pa kalikonse.

Chinsinsi chonse chili pamene injini idakhala. Sili kutsogolo ngati ya BMW Z4, komanso sili kumapeto kwenikweni ngati ya Porsche 911. Ili pakati, kuseri kwa mipando, kutsogolo kwa matayala akumbuyo, ndipo poti ndi yogona, kulemera kwake kuli pansi. Zotsatira zake mumazimva pa kona yoyamba: mukangokhotetsa chiwongolero, mphuno imamvera nthawi yomweyo, thupi silipendekeka, ndipo kumbuyo sikufuna kukutsogolerani. Galimoto yonse imalemera makilogalamu 1,310 basi ikakhala ya injini ya malita 2.7 ya giya yamanja. Mabuleki ake satopa msanga ngakhale mukutsika phiri lalitali, chifukwa alibe katundu wambiri woti aimitse.

Injini zikuluzikulu zilipo ziwiri. Ya malita 2.7 ili ndi mahosipawa 265, imafika liwiro la makilomita 100 pa ola m'masekondi 5.8, ndipo pothera pake ndi 264. Ya malita 3.4 ya Boxster S ili ndi mahosipawa 315, masekondi 5.1, pothera 279. Mu 2014 kudabwera GTS ya mahosipawa 330, ndipo mu 2015 Spyder ya malita 3.8 ndi mahosipawa 375, ya giya yamanja yokha. Zonsezi zilibe turbo, ndipo apa ndi pamene pagona mtengo wa galimotoyi lero. Mu 2016 Porsche adasintha dzina kukhala 718 n'kuikamo injini ya masilinda anayi ya turbo. Imathamanga kuposa 981, palibe wotsutsa, koma kulira kwake kudakhumudwitsa ambiri. Injini ya masilinda asanu ndi limodzi imayamba ndi kung'ung'udza, ikadutsa marevu 4,000 mawu amasintha, n'kumakwera mosalala mpaka kupitirira 7,000, zonsezo zikuchitikira kuseri kwa khutu lanu denga litatsika. Anthu akulipira zimenezo.

Tinene chilungamo pa ya 2.7: pa marevu otsika ndi yaulesi. Mphamvu yake yokoka ndi 280 Nm, imene galimoto zambiri za dizilo za pabanja zimaiposa. Mukaponda mafuta muli mu giya yachisanu n'kumayembekeza kuti ikukankhani pa mpando, mukhumudwa. Imafuna mutsitse giya, muikweze marevu, ndiye imadzuka. Kwa ife chimenechi ndiye chokoma chake, chifukwa mumatha kuigwiritsa ntchito yonse popanda kufika pa liwiro lokulowetsani m'manja mwa apolisi. Ya 3.4 ili ndi 360 Nm ndipo ndi yosavuta podutsa malole. Pa giya, yamanja ya magiya asanu ndi limodzi imalowa bwino koma magiya ake ndi ataliatali, moti yachiwiri yokha imadutsa 100 pa ola. PDK, giyabokosi yosintha yokha ya magiya asanu ndi awiri, imasintha mofulumira kuposa dzanja la munthu ndipo imamwa mafuta pang'ono, koma ikawonongeka ndalama yake ndi yoliza. Chiwongolero cha 981 chimathandizidwa ndi magetsi; amene adazolowera 987 amati chakale chinkawauza zambiri za msewu kudzera m'manja, ndipo sakunama.

Denga ndi lansalu yochindikala, lokhala ndi galasi lenileni kumbuyo. Mumangogwira batani, m'masekondi pafupifupi 9 latsika, ndipo limatero ngakhale mukuyenda, bola musapitirire makilomita 50 pa ola. Palibe chogwirira choti mumasule ndi dzanja ngati pa 987. Likatsekedwa phokoso limachepa ndithu, munthu mumacheza osakweza mawu. Likatsika, kwezani magalasi a m'mbali ndipo onetsetsani kuti kachotchinga mphepo ka pakati pa mipando kalipo, chifukwa eni ena amakataya ndipo kugula kena si ndalama yamasewera. Kwa amene ali kotentha, zoona zake n'zakuti masana dzuwa lili pamutu denga mudzalitseka n'kuyatsa eyakoni. Nthawi yake ndi mamawa ndi chakumadzulo.

Chodabwitsa kwa ambiri ndi malo a katundu. Poti injini ili pakati, mabuti alipo awiri: lakutsogolo la malita 150, lakuya bwino lolowa sutikesi yapakatikati, ndi lakumbuyo la malita 130. Denga likapindika silidya malo amenewa, pomwe pa Mercedes SLK ndi BMW Z4 za nthawi yomweyo, za denga lachitsulo, buti limachepa mukangotsitsa denga. Anthu awiri atha kuyenda ulendo wa sabata bwinobwino.

Tsopano ku zowonongeka, kumene wogula ayenera kukhalitsa. Aliyense amene wamvapo za Boxster wamvanso za bering'i ya IMS (shafuti ina ya m'kati mwa injini), imene ikaphwanyika imawononga injini yonse. Vutoli ndi la 986 ndi 987 zoyambirira. Kuyambira 2009 Porsche adasintha injini n'kuchotseratu shafuti imeneyo, choncho 981 ilibe nkhawa imeneyi. Wogulitsa akakuuzani kuti adasintha IMS pa 981, dziwani kuti galimoto yake saidziwa kapena akukupusitsani.

Vuto lenileni lili ku mphuno. Marediyeta ndi makondensa a eyakoni ali m'makona a bampala yakutsogolo, kuseri kwa mabowo aakulu opanda sefa yothina. Masamba, udzu, mchenga ndi timiyala zimalowa n'kuunjikana pakona, zimasunga chinyontho, ndipo aluminiyamu amayamba kudyeka. Walitsani tochi m'mabowomo: mukaona madontho akuda onga mafuta pa kondensa, gasi akutuluka, ndipo eyakoni yatsala pang'ono kusiya kuziziritsa. Mankhwala ake ndi kuchotsa bampala kamodzi pachaka n'kuyeretsa, kapena kuika sefa ya waya kuseri kwa mabowowo. Pampu ya madzi nayo imatha ndi zaka. Fungo lotsekemera la madzi a rediyeta pambali pa galimoto mukangoima ndi chizindikiro choti muyang'anitsitse.

Chachiwiri ndi ngalande za denga. Madzi a mvula otsika pa nsalu amagwera m'timabeseni tiwiri kuseri kwa mipando n'kutuluka pansi kudzera m'timapaipi. Timapaipito tikatsekeka ndi zinyalala, madzi amasefukira m'kati n'kukadikha pansi pa mipando, pamene pali mabokosi a zamagetsi. Zikatero magetsi amayamba misala: denga kukana, mawindo kutsika okha, nyali kuyaka popanda chifukwa. Kachinthu kotsukidwa ndi madzi a m'botolo kamatha kubweretsa bilu yoposa ya matayala anayi. Denga lenilenilo musamalipinde lili lonyowa, limachita nkhungu ndi mizere. Musamalithire madzi a mpope wamphamvu pafupi ndi misoko. Ndipo kamodzi pachaka lipakeni mankhwala oletsa madzi kulowa mu nsalu.

Pali tina tating'ono todziwika pa 981. Zikuto za m'kati mwa zitseko zimamatuka n'kupindika kumtunda, m'mphepete mwa galasi, makamaka galimoto ikamakhalitsa padzuwa. Galimoto zokhala ndi chowonjezera cha fakitale chotchedwa Sport Chrono zili ndi mamaunting'i a giyabokosi oyendera magetsi, otchedwa PADM, amene amafa n'kuyatsa uthenga pa dashibodi, ndipo ndi okwera mtengo kuposa wamba. Utsi pang'ono poliza injini imene yagona masiku angapo si wodetsa nkhawa pa injini yogona cham'mbali, koma utsi woyera wochuluka wosaleka umaloza ku kachipangizo kolekanitsa oyilo ndi mpweya. Batire nalo lili ndi msampha: lili pansi pa boneti yakutsogolo, ndipo bonetiyo imatsegulidwa ndi magetsi. Batire likafa simungalifikire mpaka mutasolola kachitsulo kofiira ka m'bokosi la mafyuzi la kumapazi, n'kulumikizapo batire lina. Galimoto yoyenda Loweruka lokha imafunika kachaja koisunga.

Pa kasamalidwe, injini simuiona. Oyilo ndi madzi mumathirira m'buti lakumbuyo, ndipo mulingo wa oyilo mumauwerenga pa dashibodi chifukwa ndodo yoyezera kulibe. Imalowa malita pafupifupi 7.5 a oyilo wa muyezo wa Porsche A40, kawirikawiri 0W-40. Buku limati sevisi pa zaka ziwiri zilizonse, koma amakaniko ambiri odziwa galimotozi amasintha oyilo chaka ndi chaka, ndipo kumalo a fumbi n'koyenera kutero pamodzi ndi kuyang'ana masefa a mpweya. Mafuta a mabuleki ndi zaka ziwiri. Petulo woyenera ndi wa okiteni 98. Pa 95 imayenda, koma kompyuta imachepetsako mphamvu. Thanki ndi ya malita 64, ndipo ngakhale mapepala a fakitale amanena malita 8 kapena 9 pa makilomita 100, mukamaiyendetsa monga idapangidwira mudzapitirira apo.

Matayala ndi a miyezo yosiyana kutsogolo ndi kumbuyo, monga 235/45 ndi 265/45 pa marimu a mainchesi 18, ndipo Porsche amafuna okhala ndi chizindikiro cha N. Akumbuyo amatha msanga. Tayala la sipeya kulibe. Muli botolo la mankhwala omata ndi kapampu basi, zimene sizithandiza tayala likang'ambika m'mbali pa dzenje.

Apa ndi pamene wofuna kuibweretsa ku Malawi kapena ku Zambia ayenera kuganiza kawiri. Za chiwongolero cha kumanja zimapezeka ku Britain, ku Japan ndi ku South Africa, ndiye kuipeza si vuto. Koma galimotoyi ndi yotsika, mphuno yake ndi yaitali, ndipo mahampu a m'matauni ndi maenje a nthawi ya dzinja si anzake. Marimu a mainchesi 20 amaoneka bwino pa chithunzi, koma tayala lake ndi lopyapyala ndipo rimu imapindika pa dzenje limodzi; sankhani 18, kapena 19 mukafunitsitsa. Pewaninso imene ili ndi masipuling'i a mpikisano a fakitale, chifukwa imatsika ndi mamilimita 20 ena. Yokhala ndi PASM, mashokabuzoba oyendera magetsi, imatsika ndi 10. Msonkho wolowetsa galimoto umakwera malinga ndi kukula kwa injini ndi zaka zake, ndiye werengetserani kusiyana kwa 2,706 cc ndi 3,436 cc musanatumize ndalama. Malo a Porsche enieni ali ku Johannesburg, Pretoria, Cape Town ndi Umhlanga, kotero kwa amene amakhala ku South Africa nkhani ndi yosavuta, koma kwa wa ku Lilongwe sensa imodzi ikhoza kuigoneka galimoto milungu ingapo.

Tikanati tisankhe, tikanatenga 2.7 ya giya yamanja, marimu 18 kapena 19, yokhala ndi mabuku onse a sevisi ndi malisiti ake, kusiyana ndi S yotsika mtengo yopanda mbiri. Amene akungofuna mphepo pamutu, Mazda MX-5 imupatsa zimenezo pa ndalama yochepa kwambiri pogula ndi posamala. Chimene sangapeze kumeneko ndi injini ija ndi kukhazikika kwa galimoto pa liwiro lalikulu.

Pokaiona, uzani mwini asailize inu musanafike, kuti mumve mmene imadzukira ili yozizira. Pemphani makaniko wokhala ndi kompyuta yowerenga Porsche atulutse lipoti la marevu opitirira muyeso. Limagawidwa m'magawo asanu ndi limodzi: manambala mu gawo 1 ndi 2 si achilendo, koma mu gawo 4 kupita m'mwamba akusonyeza kuti wina adalowetsa giya yolakwika pa liwiro, makamaka pa yamanja. Lipoti lomwelo limaonetsa maola amene injini yagwira ntchito, ndipo mukawayerekeza ndi makilomita a pa dashibodi mutha kugwira amene adabweza mita. Werengani manambala anayi a tsiku pa tayala lililonse, sabata ndi chaka, chifukwa tayala lingakhale ndi mano koma litauma ndi ukalamba. Suzumirani mbali yam'kati ya madisiki a mabuleki, kumene dzimbiri limayambira pa galimoto zochokera ku Britain. Tsitsani ndi kukweza denga katatu mukumvetsera kugogoda kulikonse. Kenako kankhirani mipando kutsogolo, pisani dzanja pa kapeti kuseri kwake ndi pansi pake, mukanikize ndithu. Chikhato chikatuluka chonyowa, funsani kuti mabokosi a zamagetsi adawayang'ana liti musanayambe kukamba za mtengo.